A Esitele ku Sikelo ya Agogo

Amene anadutsapo pa boda ya Mchinji zaka zija matipate atangokhazikika, ngati mphuno yake inali yamoyo, akuwakumbukira a Esitele Nambewe. Ankakhala pansi pa bulugamu m'mbali mwa msewu, lichero la mtedza wokazinga lili pamiyendo, ndipo madalaivala a mathiraki, anthu odikira mapepala mpaka kumera ndevu, ankawadziwa kuposa mmene ankawadziwira mabwana a kasitomu. Wa ku Zambia akasuzumira pawindo n'kufuula kuti, "Amai, nshawa ziliko lelo?" iwo ankayankha osadzutsa mutu: "Tsika, mwana wopanda mwambo iwe. Mtedza wanga sukwera thiraki." Ndipo munthu ankatsikadi, ndi ndevu zake zonse zija, n'kudzanjuta pamaso pawo.

Mtedzawo unali wa chalimbana, wolima okha kuseri kwa nyumba yawo, m'mudzi wina kufupi ndi Kachebere. Kusenda okha, kuwaza mchere okha, kukazinga okha m'chiwaya chakuda chimene malemu amuna awo, a Yoram, anachidula ku mgolo. Ankati mtedza suonedwa ndi maso kuti wapsa. Umakuuza wokha ndi fungo, komanso ukayamba kuthetheka. Chimwalirireni a Yoram ankakhala okha, ndipo kukhala okhako ankakunyadira ngati mendulo. Mwana wawo wamkazi, Stelia, nyumba yake inali kutsidya kwa kadambo, poti ukaitana munthu amamva. Koma a Esitele sankaitana. Madzi ankatunga okha, nkhuni okha, ndipo wofuna kuwalandira mtolo ankamufunsa ngati wawapeza akulira.

Padziko lonse lino panali munthu mmodzi yekha amene a Esitele ankamuthawa, ndiye mkamwini wawo, a Vitus, mwamuna wa Stelia. Sikuti panali chidani, ayi. Unali ulemu wa chipongozi, uja wakale, umene atsikana a masiku ano amauseka. Mpongozi sayang'ana mkamwini kumaso, samutchula dzina, sadya iye akuona, ndipo akakumana panjira wina amapatuka. Anthu ambiri mwambowu amaufewetsa pakabadwa mwana mmodzi kapena awiri. A Esitele sanafewetse kanthu. Stelia anabereka mpaka kuleka, mwana wake woyamba Favour anafika ku sekondale, koma amayi ake akangomva belu la njinga ya "bambo a Favour", anali ali kale m'tchire, nsana kunjira.

A Vitus nawonso anali munthu wamanyazi chibadwire. Anali mlangizi wa zaumoyo pa kachipatala ka m'deralo, woyeza ana pasikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime, ndipo anali wa mtundu uja wa anthu opepesa chitseko akachigunda. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Uyu sanaterereke. Anangokhala, zaka zoposa makumi awiri, akulankhula ndi apongozi ake kudzera mwa mkazi wake, kudzera mwa ana, ndipo pakasowa munthu, kudzera mwa nkhokwe. Ankaima kuseri kwake n'kunena kuti, "Auzeni amayi kuti denga ndifolera mawa," amayiwo ali mbali inayo n'kuyankha kuti, "Auzeni kuti udzu ulipo." Nkhokweyo sinasokonezepo uthenga ndi tsiku limodzi lomwe.

Vuto linayamba chaka chotsatira njala ija ya 2002. Anthu anaona kuti a Esitele ayamba kupatukira aliyense wa panjinga. Anapatukira ogula fodya. Anapatukira anyamata a ku seminale, amene anadabwa kuona gogo akuwapatsa nsana ali m'chimanga. Tsiku lina anapatukira mzimayi wonyamula makala. Amayi a kuchitsime anayamba kuwaseka kuti, "A Nambewe, akamwini mwachulukitsatu chaka chino!" Iwo ankati ulemu sulemera. Koma mumtima ankadziwa chimene sankafuna kuuza munthu: dziko linali litayamba kuchita nkhungu, ndipo munthu wa panjinga ankangomuona chithunzithunzi. Kusiyana n'kumuyang'anitsitsa kenako n'kupeza kuti ndi mkamwini, kunali bwino kuwathawa onse.

Mpaka tsiku lina anapatukira m'dzenje limene anyamata anakumba poumba njerwa. Lichero uko, mtedza uko, bondo n'kutupa. Wa panjingayo anali katekisiti, ndipo katekisiti sasunga nkhani. Lamulungu lisanathe inali itafika ku Lilongwe.

Ku Lilongweko kunali Aleck, mwana wawo wamwamuna, amene ankagwira ntchito pa kampani ina ya fodya ku Kanengo ndipo ankakhala m'nyumba ya mpanda ku Area 25. Anabwera pa pikapu, fumbi likumutsatira, ndipo sanadikire n'komwe kuti apatsidwe moni wokwanira.

"Amayi, basi. Mukubwera kwathu. Lero ndi bondo, mawa likhala khosi."

"Dzenjelo unakumba ndiwe kuti ulankhule ngati mwini wake?"

"Amayi, sindikuseka."

Nawonso sankaseka. Ku Area 25 anakhalako kamodzi ndipo anabwerako atalumbira. Geti lotseka tsiku lonse. Mkazi wa Aleck, munthu wabwino ndithu, ankawalanda tsache ngati agwira mpeni. Chimbudzi m'nyumba momwemo, pafupi ndi podyera. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo munthu kungoyang'anizana ndi wailesi ya kanema, manja ali pamiyendo ngati alendo. Ndipo sanaiwale za mnzawo a Eliza, amene ankagulitsa naye pa boda. Ana ake anamutenga ali wamphamvu kuti akapume m'tauni, ndipo anapumadi, chifukwa chaka chisanathe anabwera ali m'bokosi. A Esitele ankaopa. Sankaopa imfa kwenikweni. Ankaopa kudzuka m'mawa wopanda choti achite, m'nyumba ya eni, chiwaya chawo chikuchita dzimbiri ku Mchinji.

Mkanganowo unatha ndi Stelia. Iye ananena kuti pa kachipatala paja pabwera nesi watsopano amene wayambitsa tsiku loyeza okalamba, limene anthu anali atalipatsa kale dzina lakuti sikelo ya agogo. Aleck anaigwira nkhaniyo msangamsanga.

"Chabwino. Akakanena achipatala kuti muli bwino, ndikusiyani, sindidzayambanso. Koma akakanena kuti simungakhale nokha, mukwera galimoto popanda mlandu."

"Ndavomera," anatero a Esitele, poti bondo linali litaphwera ndipo miyendo yawo ankaikhulupirira. Za maso anangoti aziona konko.

Komabe munthu salowa m'madzi asanafunse kuya kwake. Anapita kwa a Mateyo, mkulu wina wa kutchalitchi amene anali atayezedwa kale.

"Amayesa miyendo, makutu, maso, magazi," anatero a Mateyo. "Koma chenjerani, a Nambewe, amayesanso mutu. Amakutcherani misampha kuti aone ngati nzeru zidakalimo. Ine anandifunsa kuti lero n'lachingati, chonsecho kalendala ili pakhoma pawo pomwepo. Mukaona chinthu chachilendo, dziwani kuti msampha ndi umenewo."

Tsiku la sikelo Aleck anawatengera pa pikapu n'kutsala panja, atatsamira chitseko cha galimoto. A Esitele anavala chitenje chawo cha Chigwirizano cha amayi a mpingo, anadikira pamzere ndi nkhalamba zinzawo, ndipo ataitanidwa analowa mwamphamvu ngati msilikali. M'chipindamo anaona choyera chitaima pafupi ndi tebulo. Amenewo anali anesi, a Caroline, mtsikana wa ku Blantyre amene anali asanathe ngakhale miyezi iwiri ku Mchinji. Pakona, cha kuzenera, panali chithunzithunzi china. Chithunzithunzicho chinatsokomola.

Kutsokomola kumeneko a Esitele akanakuzindikira ngakhale pakati pa msika. Bambo a Favour! M'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, popanda tchire lothawiramo! Kenako mawu a a Mateyo anawabwerera, mtima n'kukhala pansi. Ohoo. Msampha uja ndi umenewu. Aika mkamwini dala kuti aone ngati mutu wa Esitele unabalalika mpaka kuiwala mwambo. Dera lonse linkadziwa kumene a Vitus anakwatira, ndipo sizinawabwerere m'maganizo kuti mwana wa ku Blantyre angakhale osadziwa. Zoona zake n'zakuti wothandiza anesi anali atapita kumaliro, a Vitus n'kungogwiridwa pakhonde. Koma a Esitele anamanga chitenje n'kunena chamumtima kuti lero aona ulemu umene sanauonepo.

"Khalani pampando, agogo," anatero anesi.

Pampando, mkamwini ali chiimire? A Esitele anakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo tambalale, nkhope kukhoma.

"Pampando pakukuvutani? Chabwino. Dzina lanu ndani?"

Anayankha, koma ndi kamawu kakuti udzudzu ukanapambana. Mpongozi sakweza mawu mkamwini ali pomwepo.

"DZINA LANU, AGOGO!" anafuula anesi, atawerama mpaka kukhutu. A Esitele anangoti mwana uyu akufuna kundiputa, n'kuchepetsanso mawu.

"Tiyeni tione miyendo. Imirirani, muyende mpaka pazenera apo n'kubwerera."

Pazenerapo ndi pamene panali a Vitus. A Esitele sanasunthe ngakhale chala.

"Bambo Vitus, agwireni mkono muwadzutse."

Kabeseni kamene a Vitus ananyamula kanagwa pansi n'kuyamba kuzungulira. A Esitele anakhwekhwereza thupi mpaka kulowa theka pansi pa tebulo. Mkamwini kugwira mpongozi mkono! Ngakhale kwa asing'anga sizinamvekepo.

"Sisitala," anayamba a Vitus, akuyang'ana kudenga, "mwina... kapena..."

"Mwina chiyani? Anthu ali pamzere panja."

A Vitus anameza mawu awo. Kunena pamaso pa apongozi kuti awa ndi apongozi anga kunawakulira. Anaganiza kuti akanena pambuyo, pakhonde, pamene pali mpweya. Anesi anagwada okha n'kuwamanga gogoyo lamba pamkono kuti ayeze kuthamanga kwa magazi, atalimbana kaye ndi chitenje chimene a Esitele anadzikulunga nacho mpaka m'khosi. Magaziwo ankathamangadi. Akanalekeranji, mtima ukugunda ngati ng'oma ya gule?

Kenako kunabwera choyezera maso, chikwangwani chokhala ndi tizipeso ta mano atatu, chachikulu pamwamba, tating'ono mmunsi, kuti munthu aziloza ndi dzanja kumene mano aloza. Msomali wake unali utazuka, choncho anapatsidwa a Vitus kuti anyamule. Anachinyamula pankhope penipeni ngati chishango.

"Yang'anani kwa abambo awo, agogo. Mano a chipeso chachikulucho aloza kuti?"

A Esitele anayang'ana simenti. Apa pokha anathokoza makolo amene anakhazikitsa chipongozi, chifukwa mwambo unali utawabisira nkhungu yawo.

Anesi anapuma mozama. Anafuna funso lophweka, loti ngakhale mwana wa pasikelo akhoza kuyankha.

"Agogo, abambo awa amayenda m'midzi monse muno. Mukuwadziwa? Dzina lawo ndani?"

Msampha waukulu! A Esitele anatsala pang'ono kuseka. Mwana uyu akuganiza kuti Esitele anabadwa dzulo.

"Sindingatchule," ananong'ona.

Anatuluka m'chipindamo chokwawa mpaka pakhomo, kenako n'kudzuka, kudzikuntha fumbi, n'kuuza nkhalamba za pamzere kuti mayeso ake ndi ophweka kwa munthu wolangidwa bwino. Anakakwera pikapu okha n'kumadikira Aleck, amene anesi anamuitanira mkati. Atatuluka, maso ake anali ofiira. Njira yonse sanalankhule, ndipo amayi ake anati ndi manyazi a munthu wogonja, n'kumumvera chisoni pang'ono.

Atafika kunyumba, Aleck analowa n'kutuluka ndi mphasa yawo. Anabwereranso n'kutuluka ndi sutikesi.

"Iwe, ukutani?"

"Amayi, bwanji munandibisira?" Anaika sutikesi pansi. "Anesi akuti simumva, simuona, simungadzuke pansi panokha, magazi akuthamanga, ndipo munthu amene mwakhala naye mudzi umodzi zaka zonsezi simukumudziwa dzina. Ine kumagona tulo ku Lilongwe, inu muli chonchi?"

Stelia, amene anathamanga atamva galimoto, anafunsa kuti munthu wake ndani ameneyo amene amayi amuiwala. Amayiwo anafotokoza zonse mwandondomeko, mpando, zenera, mkono, dzina, ndipo anamaliza ndi kunena kuti sanalakwitse ngakhale pamodzi. Stelia anayamba ndi kugwira pakamwa. Kenako anakhala pansi. Kenako anagona chammbali pabwalo, akumenya dothi ndi dzanja, misozi ili mbwembwembwe, nkhuku zikumuthawa.

"Ndiye alamu anali momwemo osanena kanthu?" anakalipa Aleck. "Munthu wamkulu, wa ntchito yake!"

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola.

"Auzeni amayi kuti ndawafotokozera anesi," anatero mawu a a Vitus. "Apepesa kwambiri, ngakhale kuti anayamba aseka kaye. Akuti amayi abwerenso Lachinayi. Ine ndidzakhala ku zitsime, kutali."

Aleck anabweza sutikesi akung'ung'udza. A Esitele anamulozera pamene mphasa imakhala, n'kumuuza kuti aiyale bwino. Koma chisangalalo chawo sichinafike madzulo. Lachinayi chikwangwani chija chidzakhala pakhoma, ndipo sipadzakhala mkamwini woti awabise.

Lachinayi anesi a Caroline anawalandira ndi manja awiri, akupepesa kuti kwawo ku Ndirande apongozi ndi akamwini amalimbirana mpando mu minibasi. A Esitele anati ndi chifukwa chake mvula imavuta kumwerako. Kenako anaonetsa chimene Esitele ali. Atauzidwa kuti adzuke pampando osagwira, anadzuka n'kukhala, kudzuka n'kukhala, mpaka anesi anachita kuwagwira phewa. Pazenera anapita n'kubwerera anesi asanamalize chiganizo. Anesi atanong'ona kumbuyo kwawo kuti ayese makutu, anayankha, n'kuwonjezera kuti m'chipinda chinacho muli mayi amene akunamiza adokotala za msinkhu wa mwana. Adzukulu anawatchula onse, ndi amene anabadwa nthawi ya mvula ndi amene anabadwa nthawi yokolola. Magazi okha ndiwo anapezeka okwererapo, ndipo anauzidwa kuti achepetse mchere.

"Mtedza wopanda mchere adye ndani, mbewa?"

"Wa madalaivala usiyeni momwemo, agogo. Wanu ndiye muchepetse."

Basi kunatsala chikwangwani. Msomali unali utakhomedwa. A Esitele anatseka diso limodzi ndi chikhatho monga anauzidwira, n'kuyang'ana. Pakhoma panali choyera, ndipo pa choyerapo panali chakuda chosadziwika mutu wake. Analoza kumwamba. Anesi sananene kanthu. Analoza kumanja, mwamphamvu, ngati munthu wodziwa. Anesi sananenebe kanthu. Anasintha diso, ndipo linalo linali loposa pamenepo. Anesi anatenga katochi, anawagwira chibwano mofatsa n'kuwaunika m'maso.

"Agogo, zinayamba liti?"

Funso limeneli silinali msampha, ndipo a Esitele anadziwa. Mkazi amene sanalire pamene anagwa m'dzenje analira pampando wa chipatala, misozi yeniyeni. Anawauza anesi za nkhungu, za njinga, za mmene ankazindikirira madalaivala ndi mawu okha.

"Mwana wanga, usamuuze Aleck. Akanditenga sindibwerera wamoyo."

"Ndimuuza, agogo, koma ndimuuza zonse. Iyi ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa. Ndi opaleshoni yaing'ono, mawa lake munthu amaona. Ine ntchito yanga si yosamutsa anthu m'nyumba zawo ayi. Ndimayeza kuti ndipeze chimene chingakuchotseni pakhomo panu, tichichotse ichocho, inu mutsale."

Mawuwo anali abwino, koma anali ndi mchira: opaleshoniyo inali ya ku chipatala cha maso ku Lilongwe. A Esitele anaona msampha wina, woposa onse aja. Mbuzi imene yapita kumsika ndi chingwe ndani anaionapo ikubwerera? Aleck akawagoneka kwake usiku umodzi, usikuwo udzabala mwezi, mweziwo udzabala chaka. Stelia sakanathandiza, kwa mchimwene wake ankangoti "eya achimwene" kuyambira ali mwana. Anaganiza, anaganiza, ndipo m'mawa mwake anakaima pafupi ndi nkhokwe atamva kuti mbali inayo kuli munthu akunola khasu.

"Auzeni bambo a Favour kuti andiperekeze ku Lilongwe. Ndipo auzeni kuti amene wapita ndi chinthu cha eni amabwera nacho."

Kunola kunaleka.

"Auzeni amayi kuti ndamva."

Ulendo umenewo anthu a mu minibasi anaukamba kwa masiku. Gogo anakana kukwera mpaka kondakitala atasamutsa anthu kuti iye akhale kutsogolo, womuperekeza kumbuyo kwenikweni, pa matumba a mbatata. Ku depoti ya Lilongwe, pakati pa magalimoto ndi mavenda, panalibe kuchitira mwina koma kutsogozana. A Vitus anagwira ambulera kumutu, a Esitele kunsonga, wina kutsogolo akuyang'ana kutsogolo, wina kumbuyo akuyang'ana pansi. Akafika pa ngalande, a Vitus ankauza mphepo kuti, "Auzeni amayi kuti adumphe," ndipo amayi ankadumpha.

Anawachita diso limodzi, linalo kuti lidikire miyezi ingapo. Mawa lake bandeji itachotsedwa, a Esitele anaphethiraphethira, misozi ikutsika ndi kuwala. Choyamba kuona chinali manja awo, ndipo anafunsa kuti makwinya onsewa abwera liti. Kenako anaona Aleck ataima kumiyendo kwa bedi, makiyi a galimoto m'manja, ndi imvi m'mbali mwa makutu zimene amayi ake sankazidziwa. Pakona panali dazi lonyezimira, mwini wake, mkamwini uja, atayang'ana kukhoma.

"Mukuona, amayi?" anafunsa Aleck.

"Ndikuona kuti malayawo sanasitidwe."

Aleck anaseka, kenako anakonza pakhosi. "Ndiye tiyeni kunyumba. Mukhale kwathu mwezi umodzi wokha, diso lipole. Kumudzi kuli fumbi, ndipo mankhwala odontheza m'masowa akufuna munthu."

Zija ankaopa zija. A Esitele anatsegula pakamwa, koma dazi lija linawatsogolera. Linalankhula ndi khoma.

"Alamu, pepani. Mankhwalawo Stelia azikawathira, ndamufunsa dokotala ndipo walola. Kukazinga mtedza adikira kaye chifukwa cha utsi, ndipo tsiku loonetsanso diso ndidzabwera nawo. Koma amayi anandituma kuti ndiwabweze kwawo. Sindingakafike kumudzi ndili ndekha."

Mkamwini kuyankha mwini mbumba! Aleck anatembenuka ngati waponda moto, ndipo a Vitus anachita ngati akufuna kulowa m'khomamo, koma sanabweze mawu. Pamenepo a Esitele anamukoka mwana wawo dzanja.

"Aleck, ndaziona imvizo. Ndikudziwa kuti zina ndakumeretsa ndine. Koma kwanu n'kwanu, mwana wanga, mthengo mudalaka njoka. Tsiku limene ndidzalephere kudzuka pampando wa anesi aja, ndidzakuitana ndekha, ndipo sutikesi ndidzalongedza ndekha."

Aleck anapukuta m'maso ndi chala chachikulu, n'kunena kuti pa minibasi ndiye ayi, awaperekeza yekha mpaka pamphambano.

Anatsikira pamsewu dzuwa litapendeka, Stelia akuwadikira. A Esitele anatsogola, diso latsopano likuyendayenda ngati mwana wa kumudzi woyamba kufika m'tauni. Phiri linali ndi mitengo yake umodziumodzi. Nkhuku za anthu zinali ndi mawanga. Atakhotera m'kanjira kopita kwawo, anaima.

M'mbali zonse ziwiri za kanjirako munali miyala, yaikulu ngati mutu wa mwana, yopakidwa laimu woyera, yondandalikidwa kuchokera kumsewu mpaka pakhomo pawo. Pakhomopo mzere wina unkakhotera kuchitsime, wina kuchimbudzi, wina kumunda wa mtedza. Zitsa zonse za m'njira zinali zodulidwa mpaka pansi. Laimu wake sanali wa dzulo; ena anali atasuluka ndi mvula n'kupakidwanso pamwamba.

"Miyala iyi anaika ndani?"

"Bambo a Favour, chaka chatha," anatero Stelia. "Anaona kalekale kuti maso anu akuvuta. Kukuuzani okha sakanatha, ndipo ine nditayesa munandithamangitsa ndi chikuni. Ndiye ankabwera inu mukapita ku boda."

A Esitele anakumbukira. Miyezi yonse ija, m'nkhungu muja, ankatsata tinthu toyererako m'mbali mwa mapazi awo, n'kumadzitama kuti njira ya kwawo angayende atatsinzina. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali kuthokoza kwakukulu. Kumbuyo kwawo, patali ndithu monga mwa nthawi zonse, mkamwini anali ataima ndi chikwama chawo, nsana kwa iwo, akuwerenga masamba a mtengo.

"Bambo a Favour."

A Vitus anadikira kuti Stelia apitirize uthengawo. Stelia anangoyang'ana kumbali.

"Ndikunena ndi inu. Tembenukani."

Anatembenuka pang'onopang'ono, ngati munthu amene akumutembenuza ndi wina. A Esitele anawayang'ana kumaso, osaphethira. Mnyamata wowonda uja anadzafunsira Stelia kalekale anali atapita. Apa panaima bambo wa dazi, wa mpata m'mano, makutu oimirira, thukuta likutsika m'masaya.

"Ndiye nkhope yake ndi imeneyi," anatero a Esitele. "Stelia akanatha kusankha moipa kuposa apa." Kenako analoza pansi. "Miyalayi musachotse, mwana wanga. Diso linali lidakali ndi nkhungu."

"Sindichotsa, amayi," anatero a Vitus, kuuza iwo eni ake.

A Esitele analandira chikwama chawo m'manja mwa mkamwini, n'kuyenda pakati pa miyala ija mpaka kukalowa m'nyumba mwawo.